Mwendo wosalimba patapita zaka chichitidwireni opaleshoni ya msana: chitani izi motsatana

Anzanga a pa msika wa Kapata kuno ku Chipata amandimva ndisanatulukire. Phazi langa lamanzere limagwa pansi kuti phwa, phwa, ngati ndavala patapata wonyowa, chonsecho nsapato ndi yomanga ndi zingwe. Papita zaka 6 chichitidwireni opaleshoni ya msana ku Lusaka, nditadzipweteka pokweza matumba a chimanga a makilogalamu 50 nthawi yokolola. Ululu umene unkayambira m'chiuno n'kutsika ngati moto mpaka kuchala chachikulu unatha nditangotsitsimuka. Mphamvu ndiyo sinabwerere yonse.

Kayendedwe kameneka kandisandutsa ofesi ya mafunso. Potuluka m'tchalitchi, pamaliro, m'basi ya ku Katete, munthu amandikokera pambali: "Achimwene, bambo a kunyumba anawang'amba msana, chaka chachitatu chino, koma mwendo akungoukhwekhwereza. Mtsempha umenewu udzadzukanso?" Ndayankha mpaka kukhosi kuuma, ndiye ndati ndilembe kamodzi, wofunsa ndizingomutumizira pa WhatsApp. Sindine dokotala. Ndine wodwala amene anatopetsa madokotala ndi a fizo ndi mafunso, mayankho n'kumalemba m'kope.

Yankho lalifupi ambiri salikonda. Zaka 2 zikadutsa, mtsempha umakhala utachira kale mbali imene unkatha kuchira. Koma mnofu umene mtsempha wotsalawo ukuulamulira umatha kulimbabe. Anthu ambiri amene ndawaona ali khale pakhonde kudikira mtsempha, pamene ntchito yatsala kwa mnofu.

1. Yambani mwaona ngati si za changu

Zonse zimene ndalemba pano ndi za mwendo umene unafooka kalekale ndipo wangoima pamodzimodzi. Ngati kufookako kukuwonjezeka sabata ndi sabata, kapena kwalowa mwendo winawo, imeneyo ndi nkhani ina. Pitani kuchipatala, mafizo adikire.

Pali zizindikiro zina zosafunika kudikira ngakhale kuti kuche. Mkodzo ukukana kutuluka, kapena ukutuluka wokha inu osamva. Chimbudzi chikukupulumukani. Mwachita dzanzi pamalo amene amakhudza chishalo mukakwera njinga, kutanthauza pakati pa miyendo, kumaliseche ndi kumatako. Madokotala amati cauda equina: mtolo wonse wa mitsempha ya kumunsi kwa msana wapanikizika, ndipo kuchedwa kumatha kusiya chilema chosatha. Ndikudziwa kuti kwathu kuno nkhani zimenezi munthu amachita nazo manyazi, makamaka pamaso pa apongozi kapena ana. Nenani basi. Chimodzimodzinso msana ukamawawa usiku limodzi ndi kutentha thupi, thukuta ndi kuwonda, pakuti TB imagwiranso mafupa a msana.

2. Dziwani mtsempha umene tikunena, ndi mmene umachirira

Chinenero chathu chimatisokoneza pano. Wodutsa magazi timati mtsempha. Chingwe cholimba cha kumbuyo kwa chidendene timatinso mtsempha. Wachitatu, umene ukutivuta ife, sudutsa magazi: umanyamula mauthenga kuchokera ku ubongo, kudzera mumsana, kukafika ku mnofu. N'chifukwa chake munthu akamva kuti mtsempha unaphwanyika amathamangira mankhwala "otsegula mitsempha kuti magazi ayende". Wasochera kale.

Pakati pa mafupa a msana pali timitsamiro tofewa, madisiki. Disiki ikaphulika imakanikiza mtsempha pamene ukutulukira. Opaleshoni imachotsa chokanikizacho, monga kuchotsa mwala umene wagwera pa mpira wothirira m'dimba. Mwala wachoka, inde, koma ngati mpira unabooka, wopanga opaleshoni sausoka. Thupi limakonza lokha, m'njira zitatu.

Mtsempha uli ngati waya wa magetsi: timaulusi tambirimbiri m'kati, chikuto kunja kwa kalikonse. Chikangosupuka chikuto chokha, chimabwerera pa masabata ochepa mpaka miyezi 3. Awa ndi anzathu amwayi aja, amene pakutha pa nyengo imodzi anali atabwerera kumunda.

Kaulusi kakaduka, kamayambanso kumera kuchokera pamene kanadukira, pa liwiro la milimita imodzi patsiku, masentimita pafupifupi 3 pamwezi. Bwerekani tepi kwa telala muyeze kuchokera kumunsi kwa msana mpaka kunsi kwa bondo. Kwa munthu wamkulu mupeza masentimita 60 kapena 70. Amenewo ndi masiku 600 mpaka 700. Vuto ndi lakuti mnofu sudikira mpaka kalekale. Ukakhala miyezi 12 mpaka 18 osalandira uthenga, malo amene mtsempha umalumikizirapo amawonongeka, mnofu umafota, mbali ina n'kusanduka mafuta ndi chipsera. Mlendo akufika, mwininyumba anasamuka.

Njira yachitatu ndiyo imatipulumutsa ambirife. Timaulusi tosaduka timaphuka nthambi n'kutenga timinofu tomwe tasiyidwa, monga amalume amatengera ana amasiye a mlongo wawo. Izi zimachitika m'miyezi yoyambirira, ndipo ndi zabwino, koma mphika umene unkadyetsa ana atatu tsopano ukudyetsa khumi. N'chifukwa chake m'mawa mumayenda bwinoko, koma dzuwa likapendeka phazi limayamba kukoka fumbi. Si matenda atsopano ayi. Ndi kutopa kwa amalume aja.

3. Pezani mnofu weniweni umene wafooka

"Mwendo ulibe mphamvu" si yankho lothandiza aliyense. Fufuzani kalata imene anakupatsani potuluka m'chipatala. Mupezamo zilembo monga L4/L5 kapena L5/S1. Mafupa a kumunsi kwa msana ndi 5, amawerengedwa L1 mpaka L5, ndipo pansi pake pali S1. Madisiki awiri omaliza ndiwo amaphulika kawirikawiri. Ya L4/L5, yapakati pa fupa la L4 ndi la L5, imakonda kupanikiza mtsempha wa L5, ya L5/S1 imapanikiza wa S1.

Vulani nsapato, imani pafupi ndi khoma, pakhale munthu pambali panu. Yesani izi, mwendo wabwino poyamba, kenako wodwala.

Yendani ndi zidendene, zala zili m'mwamba. Kutsogolo kwa phazi kukamagwa, wafooka ndi mnofu wa pambali pa msongolo, ndipo kawirikawiri wolakwa ndi L5. Achipatala amati foot drop. Yesaninso kudzutsa chala chachikulu chokha wina akuchikanikiza.

Imani mwendo umodzi, dzutsani chidendene muimire zala. Mukalephera, kapena mukangokwera pang'ono, wafooka ndi katumba, wa S1. Kufooka uku kumabisala, chifukwa munthu amayenda ndithu pamalo athyathyathya, koma chitunda cha ku Mchini chimamuulula.

Dzukani pampando osagwira ndi manja, kapena kwerani sitepe ndi mwendo wodwalawo. Bondo likamanjenjemera kapena kupindika lokha, ndi mnofu wa kutsogolo kwa ntchafu, wa L3 ndi L4.

Imaninso mwendo umodzi, wina ayang'ane lamba wanu kumbuyo. Akapendekera mbali ya mwendo umene uli m'mwamba, mnofu wa m'mbali mwa thako la mwendo umene mwaimirawo wafooka. Umenewu ambiri amauiwala, chonsecho nawonso ndi wa L5. Ine ndinalimbana ndi phazi lokha chaka chathunthu, osadziwa kuti theka la kutsimphina kwanga linkachokera kuthako.

4. Upatseni malikisi, mulembe m'kope

Madokotala amayeza mphamvu ya mnofu kuyambira 0 mpaka 5. Pa 0 palibe chochitika. Pa 1 mnofu umangothupsa pansi pa khungu, chiwalo osasuntha. Pa 2 chiwalo chimasuntha mukachigoneka cham'mbali, koma kudzuka molimbana ndi kulemera kwake sichitha. Pa 3 chimadzuka mpaka mapeto, koma wina akangochikankha ndi chala chimagwa. Pa 4 chimalimbana ndi dzanja la munthu, ngakhale chimagonja. Pa 5 n'chimodzimodzi ndi mwendo wabwino.

Gulani kakope ka ana a sukulu. Lembani tsiku, mnofu uliwonse ndi malikisi ake. Lembaninso kuti mwadzutsa chidendene kangati mwendo uliwonse, ndiponso masekondi amene mwaima mwendo umodzi. Yezani kukula kwa katumba ndi tepi ija, masentimita 10 kuchokera kunsi kwa fupa lozungulira la bondo, miyendo yonse iwiri. Nthawi zonse muziyeza pamalo omwewo, m'mawa. Mukayeza lero m'mawa, mwezi wamawa madzulo mutachokera kumunda, manambala adzakunamizani.

Musadumphe kope. Kusintha kwa mnofu woterewu kumachedwa kuposa kukula kwa mwana amene mumagona naye nyumba imodzi: maso sakuona, ndipo munthu amataya mtima pa sabata lachitatu pamene zinthu zikuyenda.

5. Pitani kuchipatala mukafufuze akuba ena

Ambiri tikangochitidwa opaleshoni, chilichonse cha mwendo timachikankhira kumsana. Koma mtsempha wovulala kale suchedwa kugonja kwa mdani wachiwiri, ndipo adani ena amachizika.

Pemphani kuyezedwa shuga. Matenda a shuga amadya mitsempha kuyambira kuzala, mapazi onse awiri, ndi dzanzi kapena kutentha usiku. Funsani za vitamini B12, makamaka ngati mwamwa mankhwala a shuga a metformin kwa zaka zambiri, pakuti amatsitsa vitamini ameneyu. Ngati muli pa mankhwala a TB kapena oteteza TB okhala ndi isoniazid, onetsetsani kuti akukupatsaninso pyridoxine, amene ndi vitamini B6. HIV payokha imawononga mitsempha ya kumapazi, choncho dziwani mmene mulili, ndipo amene ali pa ma ARV asasiye. Kachasu ndi mowa wa tsiku ndi tsiku zimapha mitsempha. Fodya tilime tigulitse, kusuta ayi, amachedwetsa kuchira kwa msana.

Pali wakuba wina wa pafupi kwambiri. Gwirani kunja kwa bondo, cha kunsi pang'ono, mumva kafupa kotundumuka. Mtsempha wodzutsa phazi umazungulira pamenepo, pansi pa khungu penipeni. Kupingasa miyendo nthawi yaitali, kunjuta tsiku lonse pofukula nshawa kapena posankha fodya, ngakhale kuwonda mofulumira, kumaupanikiza, ndipo phazi limagwa ngati vuto lachokera kumsana.

Yambirani pa kiliniki ya kwanu mutenge kalata yokutumizani. Ku Chipata Central Hospital ndi ku St Francis ku Katete kuli a fizo. Nyamulani kope, kalata ya opaleshoni, zithunzi zakale zonse, mapaketi a mankhwala amene mukumwa, ndi khadi la inshulansi ya zaumoyo ya NHIMA ngati muli nalo. X-ray imaonetsa mafupa ndi zitsulo, mitsempha ayi. Choonetsa ngati pakadali chopanikiza ndi MRI, ndipo ngati anakuikani zitsulo nenani musanalowe m'makina. Palinso EMG, pamene amalowetsa kasingano kowonda mu mnofu n'kumvetsera magetsi ake. Imasiyanitsa kuwonongeka kwakale ndi kumene kukuchitika panopa, ndiponso imasonyeza ngati vuto lili kumsana kapena pabondo paja. Adokotala akaona kuti n'zofunika adzakutumizani ku Lusaka, kumene ku chipatala chachikulu cha UTH akhala akuphunzitsa akatswiri a ubongo ndi mitsempha kuyambira 2018. Ulendowo ndi makilomita pafupifupi 570 pa Great East Road, ndiye pezani tsiku lenileni lokaonana nawo musanagule tikiti, ndipo pa Luangwa tsikani muwongole msana.

6. Mafizo olingana ndi malikisi anu

Apa ndi pamene pagona nkhani, ndipo ndi pamene malangizo ambiri amangoti "muzichita masewera olimbitsa thupi" n'kudutsa.

Choyamba, kuyenda pakokha sikulimbitsa mnofu wofookawo. Thupi ndi lochenjera ngati kalulu. Likaona kuti mnofu wina sukugwira, limapeza njira yolambalala: limakweza chiuno, limaponya mwendo cham'mbali, limadzutsa bondo kwambiri ngati munthu wowoloka matope. Mungayende kuchokera ku Nabvutika mpaka ku Down Shops tsiku lililonse, mnofu wa pamsongolo uli mtulo. Yendani ndithu, n'kwabwino kwa mtima ndi msana, koma mnofu wodwalawo umafuna nthawi yakeyake.

Chachiwiri, thupi limaba ngakhale pa mafizo pomwe. Tsiku lina a fizo anaika foni yawo pansi, cham'mbali mwa phazi langa, n'kundiuza kuti ndilidzutse kakhumi. Ine ndinawerenga khumi monyadira. Atandionetsa vidiyo ndinagwira pakamwa. Zala zinkapindikira m'mwamba, bondo linkabwerera m'mbuyo, mapewa ankakwera, nkhope ili thinithini, koma pakakolo penipenipo sipanasunthe ngakhale kamodzi. Miyezi yonse ija ndinkalimbitsa zala. Kuyambira tsikulo ndimauza aliyense: jambulitsani kwa mwana wanu, muone ndi maso. Ndipo ikani zala zanu ziwiri pa mnofu umene mukufuna, mumve ngati ukuuma.

Tsopano tengani malikisi aja.

Ngati ndi 0 kapena 1, ntchito yaikulu ndi kuteteza kuti mfundo isaume. Khalani pamphasa mutatambalala, kolowekani chitenje kutsogolo kwa phazi, kokerani kwa inu bondo lili lowongoka. Gwirani masekondi 30, katatu, m'mawa ndi madzulo. Phazi logwa likasiyidwa, chingwe cha kuchidendene chimafupika, ndipo pambuyo pake ngakhale chothandizira kuyenda chimakana kulowa. Pokoka, yesani kuthandiza ndi mnofu womwewo ngakhale usamve. Koma kunena zoona, mnofu umene uli pa 0 patapita zaka sudzuka ndi mafizo. Inu gawo lanu lalikulu ndi nambala 7, ndi kulimbitsa ntchafu ndi thako.

Ngati ndi 2, musauchititse manyazi pouuza kunyamula zimene sungathe. Gonani cham'mbali, phazi litagona pa pepala la pulasitiki kuti lizitsetsereka, muzilikokera kumsongolo ndi kulibweza. Wina angakuthandizeni kumalizitsa kambali kotsalako, osati kukuchitirani zonse.

Ngati ndi 3, khalani pampando, chidendene pansi, dzutsani kutsogolo kwa phazi, gwirani masekondi 5, tsitsani pang'onopang'ono. Kutsitsako n'kofunika ngati kudzutsa komwe. Osaligwetsa.

Ngati ndi 4, ndiye pakufunika cholimbana nacho. Malegeni a chubu cha njinga amakwana. Mangani mbali ina ku mwendo wa bedi, inayo kolowekani pamwamba pa phazi, kokerani kwa inu. Akayamba kupepuka, khalani patali pang'ono kapena awirikizeni.

Za katumba pali makwerero ake. Yambani kudzutsa zidendene zonse ziwiri mutagwira tebulo. Kenako muzisunthira thupi pang'onopang'ono ku mwendo wodwala. Kenako kwerani ndi iwiri, tsikani ndi wodwala wokha. Pomaliza wokha kukwera ndi kutsika. Kuba kwake apa ndi kupinda bondo ndi kukankha tebulo ndi manja, ndiye gwirani ndi nsonga za zala zokha. Za ntchafu, dzukani ndi kukhala pampando wautali, phazi lodwala litabwerera m'mbuyo pang'ono kuti lisenze katundu wambiri, kenako muzikwera pa njerwa imodzi. Za thako, gonani cham'mbali, msana utatsamira khoma, kwezani mwendo wapamwamba chidendene chikukhula khoma. Mukalola mwendo kupita kutsogolo, ntchito yapita kwa mnofu wina.

Chachitatu ndi muyeso, ndipo apa ine ndinapsa. Nditamva kuti mnofu ungalimbe, ndinayamba kuchita ka 100 tsiku lililonse, Loweruka lina n'kunena kuti ndikwere phiri la Kanjala mwendo uzolowere. Kutsika kwake ndinatsika chokhala, kunyumba ananditengera mnyamata wa njinga, ndipo sabata yathunthu phazi linali lofooka kuposa kale. Kumbukirani amalume aja. Mnofu wotere suphunzira ndi chikwapu.

Chitani maulendo 8 mpaka 12, pumani mphindi imodzi kapena ziwiri, bwerezani kawiri kapena katatu. Masiku 3 pa sabata, pakati pake tsiku lopuma, ndipo muzichita m'mawa mnofu usanatope. Ngati oyera, opanda kuba, akungokwana 4, ndiye 4 omwewo ndiwo muyeso wanu. Mukangoona kuti chiuno kapena zala zayamba kuthandizira, imani. Mawa lake dzifunseni: kodi mwendo wabwerera mmene unalili? Kuwawa pang'ono kwa mnofu n'kwachibadwa. Koma ukadzuka wofooka kuposa dzulo, mwapyola, chepetsani ndi theka. Ululu wonga magetsi wotsika ndi mwendo, kapena dzanzi lowonjezeka, ndiye siyani mukafunse. Tsiku lopalira kapena lokolola liwerengeni ngati tsiku la mafizo, musaonjezerepo.

Masabata oyambirira mphamvu imakwera chifukwa ubongo ukuphunziranso kuitana mnofu. Kukula kwa mnofu weniweniwo kumaoneka patapita miyezi 2 kapena 3. Ndipo sumangidwa ndi nsima ndi chibwabwa zokha: nyemba, nshawa, mazira, kapenta, soya, ndi mbewa ikakhala nyengo yake.

7. Valani chothandizira, manyazi asiyeni

Ndinakana zaka 2. Ndinkati ndikavala ndiye kuti ndavomereza ulumali. Chinandigonjetsa ndi muzu wa mango kuseri kwa nyumba, umene unandigwetsa ndili ndi ndowa ya madzi m'manja, pamaso pa adzukulu.

Chothandizira phazi logwa amachitcha AFO. Ndi kapulasitiki kolimba kopindika ngati chilembo L, kamene kamatsata kumbuyo kwa mwendo n'kulowa pansi pa phazi, m'kati mwa nsapato. Sikachiza mtsempha. Kamagwira phazi kuti zala zisakole pansi, ndipo mphamvu imene mumawononga pokweza bondo imatsala. A fizo ndiwo angakuuzeni mtundu woyenera ndi kumene amapanga. Valani ndi sokosi yaitali, nsapato ikhale yokulirapo ndiponso yomanga. Masiku oyamba valani ola limodzi kapena awiri, muvule muone khungu. Kufiira kapena kuda kumene sikukuchoka pakatha mphindi 20 kapena 30 ndiye kuti pakufunika kukonza. Mafizo pitirizani mutavula.

Patapata ndi mdani wa phazi logwa. Ndodo igwireni ku dzanja la mbali ya mwendo wabwino, osati wodwala monga ambiri amachitira, ndipo iziyenda limodzi ndi mwendo wodwalawo. Ku chimbudzi chokumba zikani mtengo wolimba wogwirira, kapena boolani mpando wakale muziuika pamenepo, chifukwa kudzuka ponjuta ndi kumene ambiri amagwera, ndipo sanena. Njinga imathandiza anthu ambiri a misana, koma yambani pabwalo. Amene phazi lofooka ndi lamanja asayendetse galimoto asanakambirane ndi adokotala za buleki.

Ngati kufookako kukukulepheretsani ntchito, funsani ku ofesi ya Social Welfare ya boma lanu za kulembetsa ku Zambia Agency for Persons with Disabilities.

8. Phazi la dzanzi liyang'aneni madzulo alionse

Phazi losamva silikuuzani kuti lapsa. Mwezi wa June anthu amaotha mbaula mapazi ali pafupi, n'kudzuka ndi matuza. Madzi othowera ayeseni ndi chigongono. Kutumulani nsapato musanavale, kumunda osapita opanda nsapato, ndipo musanagone onani pansi pa phazi ndi pakati pa zala, ndi kagalasi ngati msana sukulola kuwerama.

9. Kumene ndalama zimathera pachabe

Amitriptyline, gabapentin ndi pregabalin amachepetsa kutentha ndi kubaya kwa mtsempha, ndipo kwa amene sagona usiku ndi othandiza. Mphamvu sabweza. Diclofenac ndi Brufen wa tsiku ndi tsiku kwa zaka amawononga m'mimba ndi impso. Jakisoni wa mavitamini a B amathandiza amene akusowa mavitaminiwo, ndipo B6 akachuluka amawononganso mitsempha yomweyo. Mabotolo ogulitsidwa m'mabasi ndi timakina tonjenjemeretsa mapazi ndinagulako, ndalama ya matumba awiri a feteleza inapita. Kutema mphini pa mwendo wa dzanzi, makamaka wa munthu wa shuga, kumabala zilonda zosapola. Kupemphera pempherani, inenso ndimapemphera, koma wina akakuuzani kuti tayani ndodo pomwepo kuti muonetse chikhulupiriro, amene adzathyoke chiuno ndinu.

Opaleshoni yachiwiri ya msana imakambidwa pamene MRI yaonetsa chopanikiza chogwirizana ndi mnofu wofookawo. Popanda chimenecho, kutsegulanso msana sikudzutsa timaulusi tinafa kale. Kwa phazi logweratu pali opaleshoni ina, yosuntha chingwe cha mnofu wa kuseri kwa msongolo n'kukachimangirira pamwamba pa phazi kuti chizilidzutsa. Siyenera aliyense, chifukwa mnofu wobwerekedwawo uyenera kukhala wamphamvu, ndipo kwa ife a L5 nthawi zina nawonso umakhala wofooka. Akatswiri a mafupa ndiwo amauyeza.

10. Pakatha masabata 12, tsegulani kope

Yezaninso zonse za pa nambala 4, m'mawa, pamalo omwewo. Manambala akakwera, ngakhale kungodzutsa chidendene kuchoka pa maulendo 3 kufika pa 5, pitirizani ndipo onjezerani kulemera pang'ono. Akaima pamodzimodzi, tengani kope ndi vidiyo kwa a fizo aone ngati mukuba kapena mukupyola muyeso, muyesenso masabata ena 12. Akakanabe, mnofu umenewo wafika pamene ungafike, ndiye usungeni pomwepo ndi mafizo a kawiri pa sabata, nthawi yambiri ipite ku thako, ntchafu ndi kuima mwendo umodzi. Manambala akatsika pamene simunapyole muyeso, bwererani kwa adokotala mwezi womwewo.

M'kope langa, tsamba loyamba likuti mnofu wa pamsongolo 3, kuima mwendo wamanzere masekondi 4. Tsamba la mwezi watha likuti 4, masekondi 19. Chala chachikulu chili pa 2 kuyambira tsiku loyamba mpaka lero, ndipo katumba wamanzere akadali wocheperapo ndi masentimita 2. Kumunda ndi kumaliro a kutali ndimavala AFO. Pa Kapata ndi pafupi, ndimapita wopanda, n'chifukwa chake amandimva ndisanafike.